Che Maulidi ndi Ukonde Umene Sunayenera Kugwira

Uthenga wa imfa ya Che Maulidi unandipeza kwathu ku Ntcheu maliro ataikidwa kale. Abale athu achisilamu sazengereza. Munthu akamwalira m'mawa, pofika masana amakhala atagona kale kumanda, ife akutali tikadafunafuna nsapato. Amene anandiimbira foni ndi Patuma, mwana wa mlongo wawo, yemwe ndinamuphunzitsa kalekale pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Nkope. Anati ndisadzivute kuthamanga, ndidzabwere pa sadaka ya masiku makumi anayi. Ndinagwetsa misozi ndithu, kenaka ndinayamba kuseka, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Sindinamudzudzule. Iye sanawadziwe Che Maulidi.

Ntchito yawo inali yoluka ndi kusoka maukonde. Panyanja sankapitapo, ankati anapitapo mokwanira ali mnyamata ndipo nyanja inawauza poyera kuti siikuwafuna. Ofesi yawo inali pansi pa mkuyu wina pafupi ndi doko. Ankakhala pa muzu waukulu, mwendo umodzi atautambasula, ukonde ataukoleka ku chala chachikulu chakuphazi, kampeni kali pakamwa. Chala chimenecho chinapindika chifukwa chokoka ulusi zaka zambirimbiri, moti nsapato ya m'sitolo iliyonse inkawakana. Ankayendera nkhwayira za matayala, ngakhale ku ukwati.

Chilichonse ankachiyeza ndi zala. Diso la ukonde wa utaka linali zala ziwiri, la chambo zinayi, ndipo anthu nawo ankawayeza chimodzimodzi. Wamiseche ankamutcha ukonde wa maso akuluakulu, woti chilichonse chimangodutsa. Waumbombo anali neti ya udzudzu, yokokolola ndi mazira omwe. Ine nditangofika kumene kudzayamba ntchito, malaya oyera, wezulo ili m'khosi ngakhale tsiku lopanda masewero, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuuza anzawo kuti boma lawatumizira ukonde wa m'sitolo, wokongola koma wosadziwa madzi. Zimenezi ndinazimva patapita chaka. Zinandipweteka chifukwa zinali zoona.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene popanda khadi sunkalowa mumsika, ndipo pakamwa pankafunika chitseko. Che Maulidi khadi lawo ankalisunga m'kati mwa chisoti, lili m'kapepala ka pulasitiki. Akafuna kunena mawu owawa ankayamba avula chisoti, n'kutulutsa khadilo, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione, kenaka n'kulankhula. Ankati munthu wonyamula khadi sangakhale woukira ngakhale atanena kuti msewu wa ku Makanjira ndi woipa. Anzawo ankanjenjemera, koma palibe tsiku limene a chipani anabwera kudzawatenga.

Malamulo awo enieni anali awiri okha. Loyamba, ukonde uliwonse wotuluka m'manja mwawo unkayamba wasambitsidwa m'mankhwala, mizu ndi makungwa zimene ankazidziwa okha, kuti uziitana nsomba. A shehe a pamzikiti wawo anawadzudzula kangapo kuti zimenezo n'zosaloledwa. Iwo ankavomera mwaulemu, n'kukumbutsa a shehe kuti chambo chimene anadya Lachisanu lapita chinagwidwa ndi ukonde womwewo, ndipo palibe munga umene unawaima pakhosi. Lachiwiri, munthu wamkazi sadumpha ukonde. Akadumpha, mankhwala amasukuluka, ndipo asodzi ankati tsokalo limabwereranso ku dzanja la amene anauluka. Lamulo limeneli silinali lawo okha, linali la doko lonse, koma iwo ndiwo anali mlonda wake. Atsikana onse a kumeneko anakula akuzungulira maukonde oyanikidwa, ngakhale ukondewo utalike bwanji, ngakhale ndowa ilemere bwanji pamutu.

N'chifukwa chake dzina limene anafa nalo lidakali kudabwitsa alendo. Ana a padoko, ngakhale amene anabadwa dzulodzuloli, ankawatcha Che Dumpha. Poyamba linali dzina lachipongwe, ndipo panali nyengo yathunthu ya usodzi imene pansi pa mkuyu uja panalibe ukonde ndi umodzi womwe wa munthu. Asodzi ankapita ndi maukonde awo kwa wosoka wina wa ku Nkhudzi. Che Maulidi ankafikabe pa muzu wawo m'mawa uliwonse, chala chakuphazi chili chopanda ntchito, n'kumasema singano za nsungwi zimene panalibe wozifuna. Ine ndinkadutsa njira ina popita kumsika, chifukwa mlandu wa zonsezo theka lake linali langa.

Zinayamba ndi Patuma. Anali mu Folomu 4, mtsikana wamtali kuposa aphunzitsi onse, wosalankhulalankhula. Pasukulu pathu tinali ndi mpira umodzi wa volebo, wodzaza zigamba za njinga, ndi milongoti iwiri ya bulugamu. Ukonde tinalibe. Tinkamanga chingwe cha bwato pakati pa milongotiyo, ndipo pa mlongoti uliwonse ndinakhomapo ndekha misomali iwiri, wapamwamba wa anyamata, wam'munsi wa atsikana, kusiyana kwake ngati chikhatho chotambasula. Atsikana ena ankasewera kuti athawe kusesa. Patuma yekha ankasewera ngati pali amene wamutuma.

M'mawa akapita kukatunga madzi ankayamba wathamanga m'madzi olekeza m'chiuno kuti miyendo ilimbe. Pobwera kusukulu ankadumpha kumenya nthambi iliyonse ya m'njira, moti mitengo ya mango ya mumsewu umenewo inatha masamba am'munsi. Loweruka ankabwereka mpira uja n'kumauponya mu dengu limene ankaliika patali, mpaka mikono kutupa. Mwezi wa Ramadhani sankadumphitsa tsiku, milomo itauma gwa. Ndinamufunsa tsiku lina chimene ankafuna kwenikweni pa zonsezi. Analoza pachifuwa panga.

"Wezulo, Sala. Sindinaonepo munthu wamkazi akuimba wezulo anyamata n'kuima. Ndikufuna ndikaphunzire uphunzitsi, ndizidzaphunzitsa masewero."

Bambo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo monga mwa mwambo wakumeneko, mwinimbumba anali malume ake, Che Maulidi. Iwo za mpirazi anazimva kwa anthu. Tsiku lina ndikudutsa padoko anandikodola, kampeni akadakaluma.

"Che Ticha, ndinu amene mukumuphunzitsa mwana wa mlongo wanga kumenya mpira makofi?"

"Ndi masewero, bambo. Amatchedwa volebo."

"Mpirawo unamulakwira chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za thanzi, za mwambo, za tsogolo la mtsikana, zonse zimene ndinaloweza ku koleji. Anandimvetsera mpaka mpweya unandithera. Kenaka anavula chisoti, natulutsa khadi, ndipo ndinadziwa kuti zikubwerazo si zabwino.

"Kwathu kuno mkazi wamtali ndi mwayi. Amayanika nsomba pathandala osapondera mwala. Inu mwamutenga mwamusandutsa chiwala. Wallahi, boma likulipirani bwino, chifukwa ntchito yowononga ana ndi yolemetsa."

Tinakangana chotero miyezi ingapo. Ndikadutsa ankandifunsa ngati chiwala chawo chayamba kumera mapiko. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Patuma akabwera kudzawapatsa moni mikono itatupa, ankamugwira dzanja, kuliyang'ana nthawi yaitali monga ankayang'anira mfundo yomangidwa bwino, n'kumuuza kuti akaviike m'madzi ofunda. Munthu wogwira ntchito mpaka manja kutupa sankatha kumunyoza, ngakhale ntchitoyo ikhale yopusa m'maso mwawo.

Kenaka zinthu ziwiri zinafika mwezi umodzi. Choyamba, banja la wogula nsomba wina, mwini lole, linatuma anthu kudzafunsira Patuma mbeta. Mayi ake anakondwa, ndipo sindiwanena, chifukwa lole inali lole. Chachiwiri, kusukulu kunabwera kalata yoti timu ya atsikana ya kuboma idzasewera nafe pabwalo pathu, ndipo kudzabwera mayi wina wochokera ku Zomba kudzasankha osewera a timu ya chigawo. Wosankhidwa ankalandira kalata yaumboni, ndipo kalata yotero inkatsegula khomo la koleji ya aphunzitsi. Abale atasonkhana, Che Maulidi anagamula pamaso pa onse kuti msodzi saweruza ukonde usanaponyedwe. Mayi wa ku Zombayo akamulemba dzina, Patuma apitirize. Akapanda kumulemba, akangotha mayeso alowe m'banja. Mawu awo akatuluka sankabwerera, ndipo Patuma ankadziwa zimenezo kuposa tonse.

Kalata ija inali ndi mchira. Inati pabwalo pakhale ukonde weniweni, apo ayi masewero asamukira kuboma, kumene ife tinalibe choyendera. Ndinameza manyazi n'kupita pansi pa mkuyu, mpira uli m'khwapa. Ndinajambula pamchenga utali ndi ufupi wake, ndi kukula kwa maso ake. Che Maulidi analowetsa chibakera pa diso limene ndinajambulalo, nandiyang'ana.

"Che Ticha, ukonde wa maso otere mukufuna kugwira chiyani? Ng'ona?"

Ndinali pachangu. Ndinawapatsa mpira uja n'kunena kuti chachikulu n'chakuti ichi chisadutse. Anautembenuza m'manja, kuuyeza ndi zala mbali zonse, kuununkhiza, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa. Ndinawauza kukula kwa chilichonse, koma sindinawauze ntchito ya ukondewo. Ndinaiwala kuti mkuluyu sanaonepo volebo, ndipo kwa munthu amene waluka maukonde moyo wake wonse, ukonde uli ndi ntchito imodzi basi.

Anauluka masiku asanu, akubweza asodzi onse obwera ndi maukonde ong'ambika. Ataubweretsa unali wofiirira, ukununkha makungwa. Ndinkayesa kuti ndi utoto chabe. Mfundo zake zinali zofanana ngati za makina, ndipo ndinawayamika kuchokera pansi pa mtima. Anangoti, "Sikomo, Che Ticha. Uwu ndi wa mwana wa mlongo wanga. Sindinaumane kanthu."

Tsiku la masewero ndinadzuka ndi ntchito za anthu khumi. Mipando ya alendo, sofa ya a tcheyamani a chipani imene tinakabwereka kwa a hedi, ana oimba nyimbo zotamanda, ndi mayi wina wa chipani amene anafoletsa atsikana anga kuti aone ngati masiketi akubisa mawondo. Patuma siketi yake anaionjezera nsalu kawiri. Pakati pa zonsezo ndinakwera pa desiki, kukoleka ukonde ku milongoti mothamanga, n'kutsika kukalandira alendo. Pachipata anyamata a chipani ankaona makhadi. Doko lonse linabwera, asodzi ali kutsogolo, osati kudzaona mpira koma kudzaona ukonde wa Che Maulidi ukugwira ntchito. Mwini wake anakhala pakati pawo atavala mkanjo wa Lachisanu.

Woimbira anali mphunzitsi wa kuboma, munthu wamfupi amene anatsika lole ya timu yawo ali ndi ludzu, ndipo sanayeze kanthu. Masewero anayamba. Atsikana akubomawo anali aafupiafupi, ochenjera, ongokankhira mpira m'mwamba kuti ugwere kwathu. Mphamvu yathu yonse inali pa Patuma. Anzake anamukwezera mpira bwinobwino, iye anathamanga, kudumpha, n'kuumenya ndi dzanja lonse. Mpira unalowa mu ukonde, thi, n'kugwera pamapazi pake.

"Wagwira!" anakuwa Che Maulidi ataimirira. "Alhamdulillah, wagwira!"

Asodzi onse anaomba m'manja. Wachiwiri unalowanso mu ukonde, wachitatu chimodzimodzi. Asodzi anayamba kuwerenga mokweza ngati akuwerenga chambo padoko, ena akugwira Che Maulidi chanza. A tcheyamani, poona kuti anthu akusangalala, nawonso anayamba kuomba m'manja. Alendo akuboma ankangoyang'anana, osamvetsa mtundu wa anthu okondwera timu yawo ikamaluza. Patuma anali asanamenyepo mpira pansi pa chingwe kwa chaka chathunthu, ndiye lero chavuta n'chiyani? Ndinayang'ana mayi wa ku Zomba uja. Anali atatseka kope lake n'kumadzikupiza nalo.

Chigawo choyamba tinaluza mochititsa manyazi. Matimu akusinthana mbali, Che Maulidi anabwera kumene tinaima, nkhope ikuwala, mano onse pamtunda.

"Waona, mwana wa mlongo wanga? Ndinathira mankhwala a chambo ndi a kampango pamodzi. Palibe mpira umene uthawe lero."

Patuma anawayang'ana.

"Amalume, mpira ukagwidwa ndiye kuti taluza. Umayenera kudutsa pamwamba."

"Pamwamba? Nanga ukondewo ndi wachiyani?"

"Ndi woti tiziulewa."

"Ukonde woti muziulewa?" Anatembenukira kwa ine. "Che Ticha, mwana akunena zoona?"

Ndinavomera ndi mutu. Apo Patuma misozi inatuluka, ndipo ananena mawu amene ndikudziwa kuti ananong'oneza nawo bondo moyo wake wonse.

"Mwachita dala, amalume. Mukadangondiuza kuti mukufuna ndikwatiwe, kusiyana n'kundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Ndinawaonapo Che Maulidi atakwiya, ndinawaonapo akunyoza, koma tsiku limenelo ndinawaona atalasidwa. Anaima duu, manja ali lende, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinamvera mtsikanayo. Woimbira analiza wezulo kuti chigawo chachiwiri chiyambe. Che Maulidi anavula chisoti, natulutsa khadi, nalikweza m'mwamba, n'kulowa m'bwalo pang'onopang'ono mpaka pakati.

A tcheyamani anadzambatuka pa sofa. "Che Maulidi, mukusokoneza mwambo pamaso pa alendo a boma! Mukudziwa kumene zimathera zimenezi?"

"Khadi ndi ili, bwana tcheyamani. Ukonde ndi wanga, sindinagulitse. Che Ticha, tsitsani."

Anyamata a chipani anayandikira, koma anaima. Kugwira mkulu wovala mkanjo, wokweza khadi la chipani kumwamba, pamaso pa doko lonse, panalibe amene anafuna kuyamba. Mayi wa ku Zomba anati awasiye, mwina ukonde wamasuka penapake. Ndinakwera pa desiki n'kuutsitsa. Che Maulidi anauyala pansi mosamala, kuwongola ngodya zonse, monga ankachitira ndi ukonde uliwonse. Kenaka anaitana Patuma.

"Dumpha."

Asodzi ndiwo anayamba kumvetsa. Kunabuka chiphokoso. "Che Maulidi, musatero! Dzanja lanu lisukuluka! Tidzapita nawo kwa yani maukonde athu?"

"Dzanja ndi langa," anatero osatembenuka. "Patuma, dumpha."

Mtsikana amene anathetsa masamba a mango a msewu wonse anaima pamphepete pa ukondewo ngati wafika pa phompho. Chibadwire anali asanadumphepo ngakhale kachidutswa ka ukonde. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana asodzi, nabwerera m'mbuyo.

"Amalume, sindingathe. Akusalani."

"Zaka zonsezi wakhala ukudumpha popanda chifukwa, lero chifukwa chapezeka ukukana? Ine ndinati ukonde uponyedwe, sindinati ndiutchinge. Dumpha, iwe chiwala!"

Anadumpha. Amayi ena anafunda kumaso ndi zitenje. Che Maulidi anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mankhwalawo anali awiri, choncho abwerezenso. Anadumphanso kubwerera. Pofuna kutsimikiza, analamula kuti atsikana ena asanu aja nawonso adumphe, ndipo anadumpha mmodzimmodzi, masiketi atawagwira, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mayi wa ku Zomba anali atatsegulanso kope lake, koma sindikudziwa chimene ankalemba.

Ndinakweranso pa desiki kuti ndiukoleke. Nditatambasula dzanja ndinaona misomali yanga iwiri ija. Kachidutswa ka chingwe kamene ndinadula potsitsa kanali lende pa msomali wapamwamba. M'mawa muja, m'chipwirikiti cha sofa ndi masiketi, ndinakoleka ukonde pa msinkhu wa anyamata. Ndinayang'ana pansi. Anthu mazana anali kuyang'ana mkulu amene anali atangotaya dzina lake chifukwa cha kulakwa kwanga. Ndikadakhala munthu wolimba mtima ndikadanena pomwepo. Ndinakoleka pa msomali wam'munsi mwakachetechete, kachingwe kaja n'kukaika m'thumba.

Mpira woyamba umene Patuma anamenya unadutsa pamwamba n'kudzutsa fumbi pakati pa atsikana akuboma, osaukhudza ndi mmodzi yemwe. Wachiwiri unanjanja n'kukagwetsa botolo la chakumwa pamiyendo pa a tcheyamani. Asodzi sanadziwe ngati aombe m'manja, mpaka Che Maulidi anafunsa mwana wasukulu kuti tsopano zikuyenda bwanji. Atauzidwa kuti zili bwino, anayamba kukalipira ukonde wawo womwe nthawi iliyonse mpira ukauyandikira. "Usagwire! Wallahi, usagwire!" Masewerowo pamapeto tinagonja ndithu, chifukwa akubomawo nawonso ukonde wotsikawo unawakomera. Koma mayi wa ku Zomba anaitana Patuma, namufunsa dzina ndi zaka, nalemba. Anthu a mwini lole anachoka osatsanzika.

Zotsatira zake ndanena kale. Nyengo yonse ya usodzi imeneyo pansi pa mkuyu panali zii. Sanadandaule kwa munthu, ndipo Patuma atapita kukapepesa anamubweza kuti akawerenge za mayeso. Asodzi anabwerera okha chaka chinacho, ataona kuti mfundo za wa ku Nkhudzi uja zinkamasuka m'madzi. Anabwera mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti amangodutsa. Dzina lokha la Che Dumpha ndilo linakhala, ndipo m'kupita kwa nthawi analizolowera, n'kumavomera akaitanidwa.

Ine kachingwe kaja kanandilemera zaka zinayi. Nditalandira kalata yondisamutsa, Patuma ali kale mphunzitsi ndi wezulo yake, ndinapita pansi pa mkuyu kukatsanzika, ndipo ndinaulula zonse. Ndinafotokoza za misomali iwiri, za sofa, za mantha anga pa desiki paja. Ndinati mankhwala awo analibe mlandu, ndipo nyengo ija anavutika pachabe chifukwa cha ine. Ndinkayembekezera khadi, koma chisoti sanachigwire n'komwe. Anamaliza mfundo imene ankamanga, nachotsa kampeni pakamwa.

"Che Ticha, mwakhala nafe zaka zonsezi koma madzi simunawadziwebe. Inuyo misomaliyo munakhoma nokha?"

"Ndekha, bambo."

"Wa anyamata ndi wa atsikana munkaudziwa bwino?"

"Kwambiri."

"Nanga tsiku limenelo, chimene chinakokera dzanja lanu pa msomali wapamwamba n'chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nandiuza kuti ndisadzayerekezenso kunyoza mankhwala a munthu pamaso pake. Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupiriradi zimenezo kapena anangofuna kunditula katundu kuti ndipite kwathu wopepuka. Ndimawakonda pa zonse ziwiri.

Ku sadaka ndinapita. Patuma tsopano ndi mayi wa imvi, anapuma ntchito atadutsitsa m'manja mwake atsikana osawerengeka, ndipo akuti ngakhale aphunzitsi aamuna ankaima akaliza wezulo. Anthu atabalalika anandiperekeza kudoko. Mkuyu uja ulipo. Muzu umene ankakhalapo ndi wosalala see, uli ndi kadzenje kamene chidendene chawo chinakumba, ndipo m'mphako muli singano zitatu za nsungwi zimene palibe amene wazichotsa. Palibe amene wakhalapo pa muzuwo. Chapafupi pomwepo msodzi wina anali atayala ukonde wong'ambika, wautali kutchinga njira yonse, mwina poiwala kuti wosoka kulibe.

Ine ndinangoulumpha osaganiza. Nditacheuka ndinaona Patuma akuyenda m'mphepete mwake, mumchenga wotentha, kukazungulira kumapeto kwenikweni. Ndinamuseka.

"Iwe Patuma, doko lonse likudziwa kuti unadumpha kale. Ukuopanso chiyani?"

"Tsiku lija anandiuza okha, Sala," anatero akupitirira kuzungulira. "Pano andiuze ndani?"